Eliyo Yoloza Kumanda

Ntchito yanga ndi kukwera madenga a eni. Ndimamanga maeliyo, zitsulo zija zokolera kanema padenga. Ndimalumikiza madikoda, timabokosi takuda tija tolandirira kanema wa masiku ano. Dzina langa ndi Moffat, wa ku Kawale. Sindikhalitsa malo amodzi. Kucha ndili pa Mponela, kuda ndili pa Madisi. Chikwama kumsana, pulayala m'thumba. Mayi anga ankati ndinabadwa ndi mapazi oyabwa.

Felton anandiimbira Lachitatu. Tinaphunzira limodzi ku sekondale. Pano ndi kalaliki mu ofesi ina mu Lilongwe.

"Aise, Lachisanu mlongo wanga Mirriam akulandira digiri. Mwambowo auonetsa pa kanema. Madala sangabwere, sitiroko inawakhazika pansi. Ndinawagulira zonse: kanema, dikoda, sola, batire. Koma chikungolemba kuti siginolo kulibe."

"Kuti kumeneko?"

"Kupitirira pa Msakambewa. Ukangofunsa kwa aphunzitsi a Yosefe, ngakhale mbuzi ikuperekeza."

"Iwe sukupita?"

"Ine ndikakhala ndi mwanayo. Akalandire yekha ngati alibe kwawo? Aise, madala aphunzitsa ana a eni moyo wawo wonse. Wawo wofika apa ndi yekhayu. Amuone basi."

Lachisanu ndinalawira. Minibasi mpaka pa boma la Dowa, kenako kabaza wa njinga yamoto. Unali mwezi wa Julaye. Mwera ukuwomba. Nkhungu itakhala pamitu ya mapiri, yosafuna kuchoka. Minda yokolola kale, mapesi atagona, zigafa za fodya zili pululu. Mitengo kulibe. Inapita ndi fodya kalekale.

Wakabaza ananditsitsa pamwamba pa chitunda.

"Kumusiko sinditsika, bwana. Potsika n'kosavuta. Pobwerera njinga imalira ngati mbuzi."

Ndinasuzumira. Mudziwo uli pansi penipeni, ngati chimanga mu mtondo. Mapiri mbali zonse. Kum'mawa kuli thanthwe lalikulu, lotuwa, loimirira ngati khoma. Vuto ndinalidziwa ndisanatsike. Nsanja yotumiza kanema ili kuseri kwa phiri. Siginolo siboola phiri.

Pabwalo ndinapeza mayi wamfupi akupeta soya.

"Odi!"

"Odini. Ndinu amisiri aja a Felton?"

"Ndine, mayi."

"Takulandirani. Ine ndine Manesi. Mayi awo a Felton ndi Mirriam anali akulu anga, a Roza. Tinawaika chaka chomwechino, nthawi ya chimanga chachiwisi."

"Pepani."

"Zinachitika. Ankaliyembekezera tsiku la lero ngati mvula. Ankati ndidzaimba nthungululu mpaka apolisi adzanditulutse." Anakung'untha lichero. "Alamu angawa kwawo ndi ku Mvera. Anabwera kuno chikamwini ali mnyamata. Maliro atangotha, abale awo asanabwere n'komwe kudzawatenga, sitiroko ndi imeneyo. Tikanawathamangitsa ali chonchi? Ndikuwasunga ndine. Lowani."

M'nyumba munali mozizira. A Yosefe anali pampando wa ndalema. Jekete yakuda, tayi, nsapato zopolisha. Mbali yakumanja yonse yakufa: mkono uli lende, mlomo utakokera pansi. Maso okha amoyo. Maso a mphunzitsi, oti akakuyang'ana umayamba kupisira malaya.

Patsogolo pawo panali kanema. Galasi labuluu, mawu achizungu pakati.

Ndinagwada, n'kuwapatsa moni. Anandigwira ndi dzanja lamanzere. Sanandisiye msanga.

"Adzuka tambala asanalire," anatero a Manesi. "Akuti ndiwaveke zonsezi. Ndati alamu, wolandira digiri ndinu?"

"Amayankhula?"

"Mawu anatsekeka. Amangoti mmm. Koma akumva zonse, musawanene."

Ndinayamba ntchito. Kaeliyo ka Felton kanali kakang'ono, kokhomera pakhonde ngati chokongoletsa. Waya wake wolumikizalumikiza, womanga ndi mapepala a shuga. Ndinachotsa zonse. Ndinatulutsa yanga yaitali, ya minga ngati ya nsomba, yosongoka kutsogolo. Waya watsopano, wosaduka paliponse. Kabusita kowonjezera mphamvu.

Kanema wakale uja anali ndi chifundo. Siginolo ikachepa ankaonetsabe, mchengamchenga, anthu ngati mithunzi. Wa lero ndi wamakani. Akafuna, aonetsa mpaka thukuta la munthu. Akakana, wakana. Dikoda ili ndi kamzere kosonyeza mphamvu. Kamzereko kanali kopanda kanthu.

"Pafunika mtengo wautali, mayi."

A Manesi anakuwa cha kuseri. Patapita kanthawi kunatulukira bambo wamtali, wa magambutsi ndi chipewa cha mlaza. Paphewa atasenza bulugama wozula pa chigafa chake.

"Awa ndi a Stefano, adzukulu athu. Pakagwa maliro m'banja lathu, okumba ndi awa."

"Okumba, okwirira, odya nkhuku," anatero a Stefano. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndinu mwabwera kudzatikolera mphepo, a tauni?"

"Ndine, bambo."

"Mphepo ndiye ilipo. Tengani yonse, ina mukagawire anzanu ku Lilongwe." Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza. "Taonani, a Manesi. Ngati la namwino."

"Namwino amabaya, bambo."

"Eee! Ali ndi pakamwa. Tiona ngati ali ndi miyendo."

Tinaimika mtengo pambali pa nyumba, n'kuumanga ndi waya. Ndinakwera pamalata. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina padenga, kupotokola mtengo. Wina m'nyumba, maso pagalasi, kukuwa. Ndipo suthamanga. Dikoda imachedwa kuyankha. Upotokole pang'ono, udikire, umve. Ukafulumira umadutsa pabwino osadziwa.

A Manesi analowa. Ndinayamba ndi kumene kuli nsanja.

"Palibe!"

Ndinasuntha.

"Palibe, achimwene!"

Kumpoto, cha ku mapiri a Ntchisi. Palibe. Kumadzulo. Palibe. Kumwera. Palibe. Manja anayamba kuzizira. Malata akulira ndi mphepo. Ndinatembenuzira kum'mawa, mongoti ndimalize kuzungulira.

"Imani! Kwatuluka munthu! Mutu wokha, thupi lili timabokosi!"

Ndinasuntha pang'ono, ngati chikhadabo.

"Eee! Onse atuluka! Avala mikanjo yakuda! Kuli bandi!"

Nyimbo inamveka kudzera m'malata. A Manesi anatuluka akuvina. Anakweza maso kuti andiyamike. Masowo anatsata eliyo, kuchokera kumchira mpaka kunsonga, n'kupitirira. Kuvina kunatha.

"Mwaloza chiyani?"

"Thanthwe ilo, mayi. Siginolo ikudutsa pamwamba pathu. Ikumenya thanthwe, n'kubwerera kuno. Ngati mawu a munthu akakuwa m'phiri."

"Patsinde pa thanthwe pali chiyani?"

"Kamsitu."

"Kamsitu. Dziko lonse lino lameteka mpala. Kamsitu katsala chifukwa chiyani?"

Ndinayang'anitsitsa. Mitengo yakale, yakuda, yothithikana. Kanjira kamodzi kolowa. Ndinamva. Kwathu ku Kawale manda ali m'mbali mwa msewu, poyera. Tinkasewera mpira pafupi pomwepo. Mpira ukagwera m'kati, wina ankathamanga kukautola. Kuno ayi.

"Mwana akaloza kumeneko ndi chala timam'menya padzanja," anatero a Manesi. "Inu mukuloza ndi chitsulo. Kuchokera padenga la malemu, mwini nyumba ino. Pamtumbira pake udzu sunamere n'komwe. Tembenuzani."

"Mayi, kwina konse kulibe."

"Tembenuzani."

Ndinatembenuza. Nyimbo inaduka. M'nyumba munatuluka mawu amene sindifuna kudzawamvanso. Mmmmm. Aatali, ochokera pansi pa chifuwa, ngati ng'ombe imene ailanda mwana.

Tinayesa zina. Tinalumikiza nsungwi pamwamba pa bulugama. Palibe. Tinasamutsira mtengo kuseri, ku khitchini. Palibe.

"Kaikeni pachitunda paja," anatero a Stefano. "Tikokere waya kuno."

"N'kutali. Waya wautali amamwa siginolo, ngati ngalande ya mchenga. Kufika kuno kulibe kanthu."

"Ndiye tiwanyamule aphunzitsi, tikwere nawo pamodzi ndi bokosi lawo."

"Muwanyamule pa chiyani?" anatero a Manesi. "Tsiku lija tinawakweza pangolo anakomoka tisanafike pamlatho. Mukufuna ntchito ina lero?"

"Khasu langa lili kosula, musandifulumizitse."

Palibe anaseka. Tinachotsa nsungwi, n'kubweza mtengo pakale. Nkhungu inachoka pamapiri. Mphepo inakula.

Pamudzipo foni imagwira malo amodzi okha: pachulu chachikulu, kumadzulo kwa nyumba. Ya mawu okha, yoduladula. A Manesi anakwerapo, foni m'mwamba. Anabwerako nkhope itagwa.

"Felton akuti akuluakulu atha kuyankhula. Ayamba kuitana mayina."

Tinalowa tonse atatu. A Yosefe anandigwira thalauza. Misozi ikutsikira mu kolala. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mlamu wawo.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," anatero a Manesi. "Ndikudziwa. Ndinu mkulu wa mpingo, mumati zonsezi n'zachikunja. Inenso ndimapemphera tchalitchi chomwecho. Koma mandawo ndi athu. Muli amayi mmenemuja, muli amalume, muli akulu anga. Inu tsiku lanu likadzafika adzakutengerani ku Mvera. Wotsala nawo ndine."

Mmm.

"Mwanayo ndi wanganso. Ndinam'bereka kumsana uku. Mukuganiza sindikufuna kumuona?"

A Stefano anakanda ndevu.

"A Manesi, ine ndimalowa mmenemuja ndi khasu. Mlendo akandifunsa kuti kumanda n'kuti, ndimam'sonyeza bwanji?"

A Stefano anapinda zala, n'kutambasula mkono.

"Ndi chibakera. Chibakera sichiloza munthu. Mwandionapo nditadwala?"

"Mutu wanuwo."

"Umenewo ndinabadwa nawo."

"Nanga chitsulo chili ndi chibakera?"

"Tichipangira. Tikulunge kunsongako ndi nsalu, kukhale kobulungira. A tauni, nsalu ingatchinge mphepo yanuyo?"

"Singatchinge."

A Manesi anayang'ana galasi labuluu. Anayang'ana alamu awo. Anawapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, mosanyengerera.

"Pangani. Koma ine m'nyumba muno sindikhala, ndipo sindikukuwirani. Ndikakhala pachulu. Mwana akangodutsa, mugwetse."

Anatuluka.

Wokuwa panalibenso. Waya womanga mtengo anali atafooka ndi kumasulamasula. Ndi mphepo imeneyo, a Stefano anayenera kukumbatira tsinde. Ndinatenga mbale yachitsulo, n'kuiika pamiyendo ya a Yosefe. Supuni m'dzanja lamanzere.

"Aphunzitsi, chithunzi chikabwera, menyani. Chikapita, siyani."

Ngwe!

"Mwaona?" anatero a Stefano. "Mphunzitsi belu saiwala. Ndi lomweli linandithawitsa sukulu ine."

Kunatsala nsalu. Nthawi inali itatha. Kuseri kwa chitseko, pamsomali, panali nsalu yoyera, yochapa bwino. Sindinafunse. Ndinaipisa m'malaya, n'kukwera. A Stefano anapendeketsa mtengo ali pansi, eliyo inandifikira padenga. Ndinakulunga kunsonga, n'kumanga ndi kawaya. Chibakera choyera. Ngodya imodzi inatsala ikulendewera. Tinaimikanso.

Ndinalozetsa ku thanthwe. Ndinadikira. Mbale ili chete. Malo aja anali atandisowa. Amakhala aang'ono malo otere, ngati kauna ka nyerere. Ndinasuntha. Chete. Ndinabweza. Chete. Mphepo ikukankha, mtengo ukuvina m'manja.

"Kumanja pang'ono, mwananga."

Mawu a mzimayi. Ofatsa. Ochokera pansi pa malata, pomwe ndinagwada. Ndinamwetulira. Ndinati a Manesi abweza mtima.

Ndinapotokola.

"Mwapitirira. Bwezani. Apo. Dikirani kaye."

Ndinadikira.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Mawu a woitana mayina anabuka m'nyumba, pamodzi ndi khamu likuomba m'manja. Kenako mphepo inamenya. Mbale inaleka.

"Yapita. Kumanzere. Pang'ono pokha. Musafulumire, imachedwa."

Ngwe! Ngwe!

"Zikomo, mayi!" ndinakuwa. "Ntchito mwaidziwa!"

Mbale inapitiriza kulira.

Chulu chinali kumbuyo kwanga. Sindikudziwa chimene chinanditembenuza khosi. Ndinacheuka.

A Manesi anali pachulu. Kutali, kupitirira khola la mbuzi. Manja onse pamutu. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pamwamba pa mtengo.

"Duku!" Mphepo inandibweretsera mawuwo zidutswazidutswa. "Duku la akulu anga! La Chigwirizano cha amayi kutchalitchi! Mwalitenga bwanji?"

Ndinakweza maso. Ngodya ija inali itatambasuka. Yoyera mbee, ikukupiza, ngati dzanja lokodola munthu ali kumsitu.

"Yayambanso kusweka," anatero mawu aja pansi panga. "Limbitsani dzanja."

Ndinasuzumira m'mphepete mwa denga. A Stefano anali atakumbatira mtengo, phewa litagunda khoma. Chipewa chili pansi. Maso ali pachitseko.

"A Stefano, m'nyumbamo muli ndani?"

"Gwirani mtengo, a tauni."

"Ndikufunsa. Walowa ndani?"

"Chitseko ndi ichi, ndikuchiona. Sanalowe munthu. Mawu amenewo ndinawakwirira ndekha. Gwirani mtengo."

Miyendo inafuna makwerero. Ndakwera madenga ambiri. Ndinagwapo, agalu anandilumapo, magetsi anandigwirapo. Zonsezo zili ndi dzina. Izi zinalibe. Msewu ndinkauona pachitunda paja. Ndikanatsika, n'kuthamanga, chikwama n'kuchisiya. Kuchoka ndimakudziwa. Koma ndikanangotaya mtengo, mphepo ikanatembenuza eliyo. Ndipo pansi panga mbale inali kulira, osaphonya. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Dzanja limodzi lokhalo limene bamboyo anatsala nalo.

Ndinagwira.

A Manesi anayamba kutsika pachulu.

"Gwetsani! Ndati gwetsani!"

Foni inalira m'dzanja mwawo. Anaima pomwepo. Anaiika kukhutu. Anamvetsera. Anayang'ana duku, anayang'ana nyumba.

"Waimirira!" anakuwa. "Felton akuti mzere wake waimirira!"

Za kugwetsa sananenenso.

Mayina anapitirira. A ana a eni. Dzina, m'manja. Dzina, m'manja. Mphepo inalimbana nane. Mikono inayamba kuphwanya. Khungwa la bulugama likundisupula zikhatho. Mawu aja sanandisiye. Kumanja. Apo. Bwezani. Sanakuwe ngakhale kamodzi. Ankayankhula ngati munthu wokhala naye pabenchi imodzi m'tchalitchi. Kenako ndinawamva akuyankhula ndi wina, osati ine.

"Taonani, bambo ake Felton. Si uyo, kumbuyo kwa wamtaliyo? Wawonda mwanayu."

Mmm, anayankha a Yosefe. Osati kulira kuja. Mmm wovomereza. Wa m'banja.

"Nsapato zija wavala. Ndinati zim'kwana."

Mmm.

Thukuta linandilowa m'maso, kukuzizira chonchija. Ndinayang'ana thanthwe lokha. Pansi pake sindinafune kuyang'anapo.

"Tsopano musagwedeze, mwananga. Chonde."

Ndinasiya kupuma.

"Mirriam Yosefe!"

Mbale inagwa, n'kuzungulira pa simenti. Kenako nthungululu. Ya munthu mmodzi. Yaitali, yakuthwa, yosapumira. Malata ananjenjemera pansi pa mawondo anga. Inatuluka m'nyumba, inawoloka chigwa, inakamenya thanthwe, n'kubwerera. Kapena inachokera kumeneko. Sindikudziwa. Akhwangwala anadzuka mumsitu muja, onse pamodzi, osalira.

Mphepo inaleka. Duku linangoti lende.

Ndinasiya mtengo. Ndinatsika.

Tinaima pakhomo tonse atatu. Palibe anafuna kutsogola. A Stefano anatola chipewa, sanachivale. A Manesi anakonza chitenje. Nyumba imene amasesa m'mawa uliwonse.

"Odi," anatero.

Chete.

"Odi, akulu."

Tinalowa.

A Yosefe anali okha. Kuchipinda kotsekula, kulibe munthu. Mawindo otseka. Munali fungo la sopo ndi utsi wa nkhuni, ngati wina wangodutsa kuchokera kosamba.

Pagalasi panali Mirriam. Chithunzi chitauma, poti eliyo inasuntha nditausiya mtengo. Mkanjo wakuda. Chipewa cha ngodya zinayi chitapendekeka. Dzanja litatambasuka kulandira pepala lake. Pakamwa patatseguka pang'ono, kuseka kusanafike.

A Manesi anagwada pambali pa mpando.

"Alamu, mwamuona?"

Anagwedeza mutu. Misozi, malovu, zonse pa jekete. Kenako anatembenuza khosi pang'onopang'ono, kumbali yakufa ija, kumene kunalibe munthu. Anagwedezanso.

A Manesi anadzuka msanga.

Ndinatenga rimoti. "Chauma, mayi. Ndizimitse, ndiyatsenso."

Anandigwira pamkono. "Asiyeni."

"Mwambo sunathe."

"Wathu watha. Kagwetseni chija."

Tinagwetsa. A Manesi anamasula duku okha, ndi manja awiri, monga polandira chinthu kwa wamkulu. Analipinda bwinobwino.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Sindinafunse."

"A m'tauni simufunsa. Mukaona chinthu pamsomali mumati ndi sitolo. Katundu wa malemu sitinagawe. Kufikira titagawa, sakhudzidwa." Analipereka kwa a Stefano. "Mukapereke kwa mwini wake. Mukanene kuti mlendo sanadziwe. Mukanenenso kuti aona, basi. Apumule."

A Stefano anatsegula pakamwa. Mwina inali nthabwala. Sinatuluke. Anatenga duku, n'kutsetsereka kulowera kum'mawa, magambutsi akukwekwereza. Ndinawaona akuima polowera kumsitu. Anaomba m'manja, n'kulowa.

"Nanga kanemayu, mayi? Felton akufuna aphunzitsi azionera masiku onse. Pali njira ina. Dishi, ija yoyang'ana kumwamba. Imeneyo siloza munthu."

"Kumwamba kuli mwini wakenso. Mukakambirane ndi Felton."

Ndinaphwasula eliyo, n'kuiika m'chikwama. Ndinakulunga waya. Ndinalowa kukazula mbali yotsala kumbuyo kwa dikoda.

Chithunzi chikauma, dikoda imachisunga kanthawi kochepa. Kupuma kawiri, katatu. Kenako galasi limabwerera kubuluu. Zonse zimatero. Ndazimanga zambiri.

Waya anali m'dzanja langa. Eliyo m'chikwama. Mirriam anali pomwepo, dzanja lili chitambasukire.

Ndinatsanzika. A Yosefe sanandimve.

Njira yokwera ku chitunda imadutsa pachulu. A Manesi anali pamwamba, foni kukhutu, chala chitatseka khutu linalo.

"Felton? Ukundimva? Umuuze mwana kuti bambo ake amuona." Anamvetsera. Anacheukira kunyumba. "Ayi, usaimbe pano, sangatuluke. Akumuonabe."